Nkhumba yanga yagwa miyendo chonsecho madeya ikudya okwanira

NaBanda (Domwe): Mwadzuka bwanji nonse pagulu pano. Ndili ndi nkhawa, ndithandizeni. Nkhumba yanga yaikazi inaswa ana 10, yayamwitsa bwinobwino, koma nditangoletsa ana kuyamwa sabata yatha yayamba kulephera kuimirira. Miyendo yakumbuyo ikumangokhwekhwereza, ikafuna kudya ikumakhala ngati galu. Zina zinayi za miyezi inayi zayamba kupindika miyendo ndipo zikutafuna khoma la khola. Njala ayi, madeya ndimazipatsa kawiri patsiku mpaka kusiya.

Alangizi (Ulongwe): Tadzuka mayi. Tisanapite patali ndiyankheni izi. Thupi likutentha? Makutu kapena mimba zafiira? Yasiya kudya? Pali ina yafa kwanu kapena kwa aneba? Ndikufunsa chifukwa kuno ku Angónia chigodola sichichoka, ndipo nkhumba ya chigodola nayonso imafooka miyendo yakumbuyo.

NaBanda (Domwe): Ayi alangizi, ikudya ndi mtima wonse, ikangomva chidebe ikulira. Thupi silikutentha, ndipo m'mudzi muno simunafe nkhumba chaka chino.

Alangizi (Ulongwe): Chabwino. Tsono tiuzeni zonse zimene mumaika m'chakudyacho, osasiyako kanthu.

NaBanda (Domwe): Madeya a kuchigayo ndiwo ambiri. Masese ndikawapeza. Soya wokazinga pang'ono, mwina mbale imodzi pa ndowa. Mchere. Ndiye mwezi wathawu munthu wina anandiuza kuti miyendo ikafooka ndiye kuti mafupa akusowa laimu, ndinagula laimu wa ziweto n'kumathira manja awiri pa ndowa iliyonse. Chiyambire kuthira sindikuona kusintha, mwinanso zikunka ziipiraipira.

aMbewe (Tsangano): Pepani mayi. Ine ndinaonapo zotere kalekale. Nkhumbayo yayamwidwa mafupa ndi ana ake.

Alangizi (Ulongwe): Bambo Mbewe anena zoona, ndipo mawu awowo ndi enieni. Mkaka umafuna kashiyamu ndi fosifolasi wambiri. Zikasowa m'chakudya, thupi la make limakatapa m'mafupa ake kuti ana asasowe. Ana 10 kwa masabata angapo, mafupa amatsala ofewa. Tsono fupa silimangidwa ndi kashiyamu yekha. Limafuna ziwiri zonsezi pamodzi, ngati simenti ndi mchenga. Laimu ali ndi kashiyamu basi, fosifolasi mulibe. Inu mwachulukitsa mbali imodzi, ndipo kuchuluka kwa laimuko kukutsekerezanso fosifolasi wochepa amene nkhumba ikanapeza m'madeya.

Agogo aJere (Lifidzi): Ana anga, mundikhululukire kufunsa. Fosifolasi ameneyu ndi yemwe uja pa Chipwitikizi timati fósforo, wa machesi? Nanga zikugwirizana bwanji ndi nkhumba?

Alangizi (Ulongwe): Funso labwino agogo. Dzina ndi lomwelo, chifukwa pa bokosi la machesi, pokhwatchira paja, amapakapo fosifolasi. Koma amene tikukamba pano ndi mchere wam'nthaka umene mbewu zimayamwa, womwe uja walembedwa P pa thumba la feteleza wa NPK. M'thupi la chiweto, gawo lalikulu la fosifolasi, pafupifupi magawo 80 pa 100, limakhala m'mafupa ndi m'mano. Wotsalayo ali m'minofu ndi m'magazi, ndipo popanda iyeyu thupi silingasandutse chakudya kukhala mphamvu.

aPhiri (Furancungo): Apa ndiye ndasokonezeka. Pamaphunziro ena anatiuza kuti madeya ali ndi fosifolasi wochuluka kuposa ufa woyera. Ndiye nkhumba yodya madeya tsiku ndi tsiku ingamusowe bwanji?

Wophunzira (yunivesite ya UniZambeze, Ulongwe): Alangizi, mundilole ndiyankheko, tangophunzira kumene zimenezi, mukonza pamene ndalakwitsa. Bambo Phiri, sananame amene anakuuzaniwo. Fosifolasi alimo m'madeya, koma ndi womangidwa. Mbewu ikamakhwima imasunga fosifolasi woti mwana wake adzayambire pomera, ndipo imamusunga m'kanthu kotchedwa fitato. Kafitato kamodzi kamagwira tizigawo 6 ta fosifolasi. M'chimanga, m'soya, m'mpendadzuwa ndi m'mpunga, magawo 60 mpaka 80 pa 100 a fosifolasi yense amakhala otsekeredwa motere. M'chimanga fitato wambiri ali m'kamtima kaja kamene kamachoka pokonola n'kupita ku madeya. Chomasula fitato ndi enzaimu yotchedwa fitase; enzaimu ndi kanthu kothandiza kugaya chakudya. Ng'ombe ndi mbuzi sizivutika chifukwa tizilombo tam'chifu mwake timapanga fitase. Nkhumba ndi nkhuku zili nayo yochepa kwambiri, ndiye fosifolasi ambiri amangodutsa n'kutuluka ndi ndowe.

aPhiri (Furancungo): Ndiye kuti nkhokwe ndi yodzaza koma chitseko n'chokhoma.

Alangizi (Ulongwe): Ndi momwemo bambo. Mwana wasukuluyu wafotokoza bwino. Ndingowonjezera kuti fitato sakhutira ndi fosifolasi yekha. Akafika m'matumbo amagwiranso kashiyamu, zinki ndi ayironi, ngakhalenso mapuloteni ena. Kashiyamu akachuluka amamatana ndi fitato n'kupanga chinthu chosasungunuka. Ichi n'chifukwa chake laimu wa manja awiri uja wabweretsa mavuto m'malo mothandiza. Mayi NaBanda, taonani pakhungu la zazing'onozo, kulibe nkhanambo zokhakhala m'miyendo ndi kumimba?

NaBanda (Domwe): Ziwiri zili nazo! Ine ndimayesa mphere, ndinapaka mafuta koma sizikudzikanda.

Alangizi (Ulongwe): Mphere imayabwa, nkhumba imadzikhula pamtengo osapuma. Zikakhala nkhanambo zosayabwa, kawirikawiri ndi kusowa zinki, ndipo zimabuka ndendende pamene chakudya chili ndi fitato wambiri ndi laimu wambiri. Lero lomwe siyani laimu wa manja awiriyo. Pezani DCP, ufa wotuwa uja wogulitsidwa m'masitolo a mankhwala a ziweto. Uli ndi fosifolasi pafupifupi magawo 18 pa 100 ndi kashiyamu woposa magawo 20, ndiye umapereka zonse ziwiri pamodzi. Gulaninso pulimikisi wa nkhumba, ufa wosakaniza mavitamini ndi michere, muli zinki ndi vitamini D. Yaikuluyo muiyalire udzu wouma, muziitembenuza, ndipo khola likhale ndi polowa dzuwa. Ndidutsa kumeneko Lachinayi ndidzaione, chifukwa nthawi zina fupa lofewa limathyoka, ndiye ndiyenera kuigwira ndi manja.

Bambo a Tiyamike (Moatize): Alangizi, nanga fitase yogulayi? Ine ndimaweta nkhuku za nyama, 300 pa ulendo. Pa chikalata cha thumba la rasau, chakudya cha nkhuku chosakaniza kale, imene ndimagula palembedwa kuti muli fitase. Abale anga ku Dedza amati kwawo palembedwa phytase. Ndi chimodzimodzi? Imachokera kuti?

Wophunzira (UniZambeze, Ulongwe): Ndi chimodzimodzi bambo, kusiyana ndi chinenero chabe. Mbiri yake ndi yaitali. Enzaimu imeneyi anaizindikira koyamba ku Japan mu 1907, m'madeya a mpunga. Kenako kunapezeka kuti mitundu ina ya chuku imaipanga yambiri, ndipo cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ku America anayesa kupatsa anapiye, mafupa awo n'kulimba. Koma kuipanga kunali kodula. Inalowa pamsika mu 1991 ndi dzina loti Natuphos, yochokera ku chuku chotchedwa Aspergillus niger. Anaiyambitsa ndi a ku Netherlands chifukwa kumeneko nkhumba ndi nkhuku zinachuluka pa malo ochepa, manyowa n'kudzaza nthaka ndi fosifolasi mpaka kusefukira m'madzi, boma n'kuika malamulo oletsa. Masiku ano zambiri zimachokera ku mabakiteriya monga E. coli, Buttiauxella ndi Citrobacter, ndipo zimalimba bwino m'chifu momwe muli asidi.

Mayi a Dalitso (Zobwe): Iii, chuku? Si chomwecho chimene amatiletsa kupatsa nkhuku chimanga chowola?

Wophunzira (UniZambeze, Ulongwe): Ayi mayi, musaope. Chuku choopsa pa chimanga ndi mtedza, chopanga poizoni wa afulatokisini, ndi Aspergillus flavus. Ndi pachibale koma ndi china. Komanso m'paketi ya fitase simukhala chukucho. Amachiweta m'matanki akuluakulu a fakitale, n'kusefa enzaimu yokha, n'kuiumitsa. Zili ngati mmene timadyera buledi wofufumitsa ndi yisiti.

aMbewe (Tsangano): Ine ndamva zonsezi koma ndili ndi mawu. Azungu a ku Netherlands anali ndi vuto la manyowa ochuluka. Ife kuno vuto lathu ndi losiyana, manyowa ndi osowa. Ine ndowe za nkhumba zanga ndi zimene zimandidyetsa, ndimathira m'munda wa mbatata ya kachewere ndi kabichi. Feteleza mtengo wake mukuudziwa. Tsono mukundiuza kuti ndigule mankhwala ochotsa fosifolasi m'manyowa anga? Ndiye kachewere wanga adya chiyani? Zinthu zina zimapangidwira mavuto a eni ake, ife n'kumangotengera.

aPhiri (Furancungo): Apa bambo Mbewe mwalasa. Inenso ndimaganiza zomwezo.

Alangizi (Ulongwe): Bambo, mfundo yanu ndi yolemera ndipo sindikuitaya. Ndi zoona kuti fitase ikagwiritsidwa ntchito n'kuchepetsa DCP, fosifolasi wam'ndowe amatsika, kawirikawiri ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, nthawi zina kuposerapo. Kwa inu amene munda ndi waukulu ndipo nkhumba ndi zisanu, kuteteza madzi si chifukwa chogulira fitase. Koma taganizani izi. Fosifolasi amene wadutsa m'nkhumba osagwira ntchito mwamulipira kale pogula madeya. Nkhumba ikagwa miyendo kapena ikachedwa kukula miyezi iwiri, mwataya zambiri kuposa zimene munda wapindula. Ndiponso manyowa sasanduka opanda pake. Nayitulojeni, potaziyamu ndi chonde chofewetsa nthaka zimakhalamobe, fosifolasi nayenso satheratu. Kudyetsa munda kudzera m'mafupa ofooka a nkhumba ndi njira yodula.

aMbewe (Tsangano): Koma zanga sizinagwepo miyendo, zaka zonsezi.

Alangizi (Ulongwe): Mumazipatsa chiyani kuwonjezera pa madeya a chimanga?

aMbewe (Tsangano): Kuno timalima tirigu. Zotsalira popeta ndi madeya ake ndimasakaniza, ndipo ndimaviika m'madzi madzulo kuti zidye m'mawa. Masana zimatuluka kukafukula kudimba lakale.

Alangizi (Ulongwe): Basi, yankho lili pomwepo. Inu fitase mwakhala mukuigwiritsa ntchito osadziwa. Tirigu ndi imodzi mwa mbewu zimene zili ndi fitase yakeyake yambiri, makamaka m'madeya ake. Chimanga, mapira ndi soya zili nayo yochepa zedi. Mukaviika madeya a tirigu pamodzi ndi a chimanga, enzaimu ya m'tirigu imayamba ntchito m'chidebe momwemo, kumasula fosifolasi wa zonse ziwiri. Onjezanipo dzuwa ndi zimene zimatola pofukula. Mayi NaBanda alibe tirigu, nkhumba zawo ndi zamtundu wokula msanga, ndipo zimakhala m'khola usana ndi usiku.

aMbewe (Tsangano): Ha! Ndiye malemu bambo anga ankadziwa chimene ankachita. Iwo ankangoti chakudya choviika chimakhala m'mimba.

Agogo aJere (Lifidzi): Nanga chimera cha mawere chija timapangira thobwa?

Wophunzira (UniZambeze, Ulongwe): Agogo mwakumbutsa chinthu chenicheni. Mbewu ikamamera imadzutsa fitase yake kuti imasule fosifolasi wodyetsa mphukira, n'chifukwa chake chimera chimakhala ndi fitato wochepa kuposa mbewu youma. Kusasitsa nakonso kumathandiza. Vuto ndi lakuti simungadziwe kuti mwamasula wochuluka bwanji, lero zambiri mawa zochepa. Ndipo chikawiritsidwa enzaimu imafa, choncho masese ochokera ku moŵa wophika musawadalire pa nkhani ya fitase.

Bambo a Tiyamike (Moatize): Tibwerere ku yogulayi, chifukwa ine ndikufuna kuyamba kusakaniza ndekha, rasau yakwera kwambiri. Muyeso wake ndi wotani? Ndinaona paketi yolembedwa 5000 FTU/g, sindinamve kanthu.

Alangizi (Ulongwe): FTU ndi muyeso wa mphamvu ya enzaimu, osati kulemera kwake. Amayeza kuchuluka kwa fosifolasi amene ikumasula pa mphindi imodzi, pa kutentha kwa madigiri 37 ndi muyeso wa asidi wa pH 5.5. Muyeso wozolowereka ndi FTU 500 pa kilogalamu ya chakudya. Tsono werengani nane. Paketi yanuyo galamu imodzi ili ndi FTU 5000, ndiye galamu imodzi ikwanira makilogalamu 10. Thumba la makilogalamu 50 lifuna magalamu 5. Tani yathunthu ifuna magalamu 100. Mukapeza yolembedwa 10000 FTU/g, muyeso ndi theka lake. Muziwerenga paketi nthawi zonse, chifukwa zina zimabwera zosungunulidwa kale ndi ufa wina ndipo muyeso wake umakhala wokulirapo.

Bambo a Tiyamike (Moatize): Magalamu 5 okha m'thumba lonse? Ndiye apulumutsa chiyani?

Alangizi (Ulongwe): FTU 500 zimamasula fosifolasi pafupifupi galamu imodzi pa kilogalamu ya chakudya, mitundu yatsopano imaposako pang'ono. Pa tani ndiye kilogalamu imodzi ya fosifolasi. Kuti mupeze kilogalamu imeneyo kuchokera ku DCP wa magawo 18 pa 100, mufunika makilogalamu 5 ndi theka. Ndiye magalamu 100 a fitase akulowa m'malo mwa makilogalamu 5 kapena 6 a DCP. Funsani mitengo ya ziwirizi kumene mumagula, muwerengere nokha. DCP amachokera ku miyala ya fosifeti yokumbidwa kunja, yochuluka ili ku Morocco, ndipo ndi miyala yomweyo imene amapangira feteleza. Feteleza akakwera, monga mu 2008 ndi mu 2022, DCP naye amakwera.

Mayi a Dalitso (Zobwe): Ndiye tikathira fitase yambiri, kawiri kapena katatu, DCP tingamusiyiretu?

Alangizi (Ulongwe): Apa ndipamene anthu amagwera, mayi, ndipo ndikupemphani nonse mumvetsere. Fitase silenga fosifolasi. Imangomasula amene alimo kale, ndipo simasula yense. Mukawirikiza muyeso phindu limakwera, koma osati kawiri. Makampani akuluakulu amathira FTU 1000 mpaka 2000 kuti aphwanye fitato msanga asanagwire zakudya zina, koma amakhala atawerengera chilichonse. Tengani anapiye a nyama m'masabata awiri oyamba. Amafuna fosifolasi wolowa m'thupi pafupifupi magalamu 4 ndi theka pa kilogalamu ya chakudya. Chimanga ndi soya pazokha zimapereka galamu imodzi ndi kachidutswa. Fitase iwonjezapo imodzi kapena imodzi ndi theka. Mukuona kuti patsala dzenje? Dzenje limenelo ndi la DCP. Kumene mukanathira makilogalamu 17 pa tani muthira 11 kapena 12, osati ziro. Nkhumba zazikulu zotsala pang'ono kugulitsidwa zimafuna wochepa, kumeneko DCP angatsike kwambiri. Koma anapiye, tiana ta nkhumba ndi nkhumba zoyamwitsa, musayerekeze.

Bambo a Tiyamike (Moatize): Zimenezi zinandionekera chaka chatha, ndisabise. Wogulitsa wina mumzinda wa Tete anandipatsa ufa m'kapulasitiki kopanda dzina, akuti ndi fitase, DCP sindifunikanso. Unali mwezi wa Okutobala. Pofika tsiku la 12 anapiye anayamba kukhala chogwada, milomo yofewa moti umatha kuipinda ndi chala. Ndinataya ambiri ndisanabwerere ku rasau yogula. Mpaka lero mtima umandiwawa, chifukwa ndalama zake zinali za sukulu ya mwana.

NaBanda (Domwe): Pepani kwambiri bambo. Zimapweteka.

Alangizi (Ulongwe): Pepani achimwene. Pamenepo panali zolakwika ziwiri. Choyamba ndi kuchotseratu DCP. Chachiwiri ndi kapulasitiki kopanda dzina m'chilimwe cha ku Tete. Enzaimu ndi puloteni, imaonongeka ndi kutentha ndi chinyezi. Kwanuko Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40, ndipo m'sitolo ya malata kumaposa apo. Ufa umene wakhala pashelefu yotero miyezi ingapo uli wotsekula ungakhale utatha mphamvu, maonekedwe ake osasintha ngakhale pang'ono. Gulani yomata, yolembedwa FTU ndi tsiku lothera ntchito. Sungani pozizira ndi pouma, mutatseka bwino. Ife a kumtunda kuno nyengo imatikomera, koma chinyezi cha dzinja nachonso chimaononga.

aPhiri (Furancungo): Ine soya ndimakazinga ndekha pa chiwaya, ndipo nthawi zina chakudya cha nkhumba ndimachiphika ngati phala. Fitase ndingathire nthawi iti?

Wophunzira (UniZambeze, Ulongwe): Zikazizira bambo. Soya apitirize kukazingidwa, wosaphika amatsekereza kugayika kwa mapuloteni. Koma mumugaye, azizire, kenako muthire fitase. M'phala lotentha musathiremo. Ngakhale kumafakitale opanga mapeleti, chakudya choumbidwa timibulu, nthunzi ikapyola madigiri 80 fitase wamba imaonongeka, n'chifukwa chake amagwiritsa ntchito yokutidwa kapena yopirira kutentha, ena amachita kupopera yamadzi mapeleti atazizira.

Mayi a Dalitso (Zobwe): Funso langa lina ndi kasakanizidwe. Magalamu 5 m'thumba la makilogalamu 50, ine ndimasakaniza ndi fosholo pa simenti. Si nkhuku imodzi idzadya yonse zina n'kusowa?

Alangizi (Ulongwe): Limeneli ndiye vuto lalikulu kwa ife alimi ang'onoang'ono, kuposa mtengo. Chitani motere. Pezani kasikelo kakang'ono ka batire koyeza magalamu, osayeza ndi supuni kapena chala. Tengani magalamu 5 aja musakanize ndi kapu imodzi ya madeya osefa m'botolo louma kapena m'pulasitiki, mukhutchumule bwinobwino. Kapu imeneyo muithire m'makilogalamu awiri, musakanizenso. Awiriwo alowe m'makilogalamu 10. Pomaliza 10 aja alowe mu mulu wonse, mutembenuze ndi fosholo kuchoka mbali ina kupita ina kosachepera kanayi. Ndi ntchito, koma mukathira kamodzi pamwamba pa mulu mwataya ndalama. Njira yosavuta ndi kugula pulimikisi kapena konsentireti amene ali kale ndi fitase. Pamenepo tsatirani muyeso wa DCP umene walembedwa pa thumba lawo, chifukwa anachotsera kale, inu musachotserenso kachiwiri.

Mayi a Dalitso (Zobwe): Nanga zanga zoikira mazira? Mwati laimu wambiri amasokoneza, koma izi popanda laimu mazira amatuluka ofewa.

Alangizi (Ulongwe): Zoikira ndi nkhani ina mayi, laimu musachepetse. Chikamba cha dzira limodzi chili ndi kashiyamu pafupifupi magalamu awiri, ndipo nkhuku imafuna pafupifupi magalamu 4 patsiku. Chimene mungachite ndi kusankha laimu wa miyala yokulirapo ngati mchenga wokhakhala, osati ufa wokhawokha. Wokhakhalayo amatsalira m'nthutumba n'kumasungunuka pang'onopang'ono mpaka usiku, nthawi imene chikamba chikupangidwa, ndipo salimbana kwambiri ndi fitase imene imagwira ntchito yake kumtunda, m'chithokomiro ndi m'nthutumba momwe muli asidi. Zoikira zimafuna fosifolasi wochepa poyerekeza ndi anapiye, ndipo opanga ambiri amalemba FTU 300 kwa izo. Fosifolasi akachulukitsa chikamba chimapepukanso, ndiye kwa inu kuchepetsako DCP kuli ndi phindu kawiri.

Agogo aJere (Lifidzi): Ife kale tinkatentha mafupa a ng'ombe n'kusinja, kapena kuthira usipa wofumbwa. Zimenezi zatha ntchito?

Alangizi (Ulongwe): Sizinathe agogo, ndipo kwa munthu wa nkhumba ziwiri kapena zitatu ndi zimene ndimalangiza poyamba. Fosifolasi wa m'mafupa ndi m'nsomba si womangidwa ndi fitato, amalowa m'thupi mosavuta, ndipo amabwera ndi kashiyamu wake. Phulusa la mafupa otenthedwa mpaka kuyera, zinyenyeswa za usipa kapena kapenta wa ku Cahora Bassa, zonsezi zimagwira ntchito. Mungosamala mchere wa m'nsomba, ndipo mafupa a nkhumba kapena zotsala za nyama ya nkhumba zisayandikire khola chifukwa cha chigodola. Fitase imayamba kupindulitsa mukamasakaniza matumba ambiri, kapena mukamagwiritsa ntchito madeya a mpunga ndi keke ya mpendadzuwa, zotsala pofinya mafuta. Madeya a mpunga ali ndi fosifolasi woposa magalamu 15 pa kilogalamu, kuposa chimanga kasanu, koma pafupifupi yense ndi womangidwa. Pamenepo fitase imapeza chogwira.

Bambo a Tiyamike (Moatize): Pa za madzi zija ndionjezeko, bambo Mbewe asaganize kuti ndi za azungu okha. Kuno makola a nkhuku achuluka, minda ndi yochepa, zitosi ena amangounjika kuseri. Mvula yoyamba ikagwa zonse zimatsikira m'makhwawa olowera mumtsinje wa Revubwe. Pali chithaphwi china pafupi ndi kwathu chimene chimachita ndere zobiriwira mpaka kununkha, ndipo mbuzi zimamwa momwemo.

aMbewe (Tsangano): Zitosi zimenezo bwenzi mukutitumizira kuno kumapiri, ife tikuzifuna! Koma ndamva achimwene. Kwanu ndi kwathu n'kosiyana. Ine ndikhalabe ndi tirigu wanga ndi chidebe changa choviikira, koma nkhumba yoyamwitsa ndiyamba kuipatsako phulusa la mafupa, zimene zawaonekera mayi NaBanda zandiopsa.

aPhiri (Furancungo): Alangizi, paketi ya kilogalamu imodzi ndi ya matani 10. Ine pachaka sindifika ngakhale matani awiri. Idzatha mphamvu ndisanaimalize.

Alangizi (Ulongwe): N'chifukwa chake musagule nokha. Anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi asonkhe, agule paketi imodzi yomata ndi kasikelo kamodzi, agawane tsiku lomwelo m'timabotolo touma totseka bwino, aliyense alembepo FTU ndi tsiku lothera ntchito. Ndipo poyamba musasinthe khola lonse. Gawani ziweto pawiri, zina zidye mwakale, zina chatsopano, muziyeza kulemera sabata iliyonse ndi kuyang'ana miyendo.

Mayi a Dalitso (Zobwe): Ine ndilowa nawo. Mchimwene wanga amapita ku Blantyre kawiri pamwezi, angatifunsire kumasitolo a zakudya za ziweto. Ndimuuza ajambule chikalata cha paketi atitumizire pagulu pano tisanapereke ndalama.

aPhiri (Furancungo): Mundiwerengere inenso.

Bambo a Tiyamike (Moatize): Inenso, koma gawo langa likhale laling'ono, la miyezi itatu basi. Kutentha kwa kuno sindikukukhulupiriranso.

NaBanda (Domwe): Zikomo nonse. Laimu ndasiya. Mwana wanga wapita pa njinga ku Ulongwe kukafuna DCP ndi pulimikisi, ndipo bambo ake akuchotsa malata awiri kumbali ya kum'mawa kwa khola kuti dzuwa lizilowa. Alangizi, DCP akabwera ndithire wochuluka bwanji pa ndowa?

Alangizi (Ulongwe): Yezani kaye ndowayo kuti imalowa makilogalamu angati a chakudya chouma, madeya ndi opepuka ndipo ndowa zimasiyana. Pa makilogalamu 10 alionse thirani magalamu 150 a DCP ndi magalamu 80 okha a laimu, pulimikisi monga mwalembedwa pa paketi yake. Soya muwonjezere afike makilogalamu awiri pa 10 aja. Zazing'onozo zisintha msanga, koma yaikuluyo ipatseni masabata angapo, ndipo musaipititse ku mphongo isanayambe kuima yokha. Lachinayi ndifika cha m'ma 9 koloko, ndibwera ndi sikelo yanga.